Kodi walking foot ndiyofunikadi kwa woyamba kumene kusoka chofunda cha zigamba?

Nachisale wa ku Chilomoni:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa akuluakulu odziwa makina. Ndalumikiza zidutswa za zitenje kukhala nsalu imodzi, ndikufuna kusoka quilt, chofunda cha zigamba, ya mwana wa achemwali anga amene abadwe nyengo yozizira ikubwerayi. Pamwamba ndamaliza ndipo pakuoneka bwino. Chatsala ndi kuphatikiza nsalu zitatu: ya zigambayo, zofewa za pakati, ndi ya kunsi. Mavidiyo a pa YouTube amene ndikuonera, onse akuti popanda walking foot, kaphazi kapadera komangirira pa makina kothandiza kuti nsalu zophatikiza ziziyendera pamodzi, palibe chimene chingayende. Makina anga ndi Butterfly yopalasa ndi miyendo, yakuda ija, ya amayi anga. Kodi kaphazi kameneka n'kofunikadi kwa ine woyamba kumene? Nanga kangalowe pa Butterfly? Ndati ndifunse kaye ndisanatulutse ndalama.

Mayi a Tadala:
Gula mwanawe, usachedwe. Ine ndimasoka pa Janome yamagetsi ndipo chofunda chilichonse ndimasokera kaphazi kameneko. Mizere imatuluka yowongoka, kunsi kulibe khwinya. Makamaka pofika popendera m'mbali, pamene nsalu zimachulukana, m'pamene umaona kusiyana kwake.

aPhiri Telala, Ndirande:
Pepani Mayi a Tadala, apa ndikutsutsaniko pang'ono. Anthu a m'mavidiyowo akusokera makina ena, ife kuno tili ndi ena. Pakhonde pano timasoka majekete a siponji m'kati, zikwama za ana a sukulu, zogwirira mapoto, zonsezo nsalu zitatuzitatu, pa Butterfly ndi Singer yakale, ndi kaphazi komwe kanabwera ndi makina. Nkhani yagona pa kasikuluwu kali pamwamba pa mutu wa makina, chakumanzere, moyang'anizana ndi kaphazi. Kameneko ndi kamene kamalamula mphamvu imene kaphazi kakupanikizira nsalu. Ambiri sanakakhudzepo chigulireni makina. Mukakamasula, kaphazi kamasiya kukanikiza kwambiri ndipo nsalu ya pamwamba siikankhidwanso kutsogolo. Achemwali, yambirani pamenepo. Sizilira ndalama.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Zikomo bambo. Kasikuluwuko ndakaona. Ndimasule mpaka pati?

aPhiri Telala, Ndirande:
Pa makina amenewo palibe nambala yokuuzani, mumayesa ndi nsalu. Tengani zotsala za nsalu zitatu zomwezo, kutalika kwake kukwane mkono umodzi, muzidule zofanana ndendende. Sokani kuyambira kumutu mpaka kumapeto osakoka ndi manja. Ya pamwamba ikafika kumapeto itapitirira ya pansi, masulani pang'ono, yesaninso pa zidutswa zina. Mukamasula mopyola muyeso mudzaona nsalu ikuterera, masitichi ena aatali ena aafupi, mwinanso kudumpha. Pamenepo mangani pang'ono, mwafika. Sitichi muitalikitse, ikhale ya mamilimita 3 kapena 3.5. Pa makina akale owerenga masitichi pa inchi, ikani pa 8. Singano ikhale yatsopano, nambala 14. Mukamaliza chofundacho mukumbukire kubwezera kasikuluwu pamene kanali, apo ayi madiresi adzakuvutani.

aMbewe okonza makina, Limbe:
Nonse awiri mukunena zoona, koma ndilongosole kaye chimene chimachitika pansi pa singano kuti achemwaliwa asankhe akudziwa.

Makina wamba amakoka nsalu ndi mano a pansi okha. Manowo amagwira nsalu ya kunsi n'kuipititsa kumbuyo. Ya pamwamba palibe chikuikoka, imangotsatira inzake, kwinaku ikukhulana ndi kaphazi kamene kangoima pamodzimodzi. Pa nsalu ziwiri zopyapyala kusiyanako n'kochepa, simukuona n'komwe. Koma mukaika zofewa pakati, ya pamwamba ndi ya pansi zatalikirana. Ndiye ya pamwamba imatsalira pang'ono pa sitichi iliyonse n'kumaunjikana kutsogolo kwa kaphazi, ngati mmene dothi limaunjikira kutsogolo kwa khasu popalira. Msoko ukakhala wautali mulu uja umakula. Mukafika pamene padutsa msoko wina wopingasa, nsalu yochulukayo imasowa kothawira, imapindika, singano n'kusokerera khwinyalo.

Walking foot ili ndi mano akeake a pamwamba, ndi kamkono kamene kamakwera pa sikuluwu yomangira singano. Singano ikamakwera ndi kutsika, kamkonoko kamachititsa kuti phazi ndi mano zizisinthana. Nthawi imene nsalu ikuyenda, mano a pamwamba ndi amene atsika n'kuigwira. Singano ikalowa mu nsalu, phazi ndi limene lagwira, mano akwera n'kubwerera kutsogolo kukadikira sitichi ina. Koma mvetsani apa, pakuti ambiri sadziwa: mano a pamwambawo alibe mphamvu yawoyawo yokokera. Amakokedwa ndi mano a pansi kudzera mu nsalu. Choncho akapanda kugwera ndendende pamwamba pa anzawo a pansi, mwangomangirira chitsulo chaphokoso pa makina.

Vuto la Butterfly lili pomwepo. Makina amenewa ndi a ku Shanghai, opangidwa motengera Singer 15, makina a sitichi yowongoka yokha, ndipo mano ake a pansi ndi oyandikana. Ma walking foot ambiri otchipa amene akubwera masiku ano anapangidwira makina a zigizagi, amene mano ake ndi otalikirana. Kumangika amamangika ndithu, chifukwa Butterfly ndi low shank, ndiko kuti sikuluwu yomangira kaphazi ili chapansi, monga makina ambiri a m'nyumba, koma mano a pamwamba amagwera pambali, mwina n'kugwira mbali imodzi yokha. Anthu amabwera nawo kuno akudandaula kuti msoko ukukhota wokha, kumaganiza kuti makina awonongeka.

Mayi a Tadala:
Izi ndiye ndamva lero aMbewe. Ndiye mukuti pa Butterfly n'zosatheka?

aMbewe okonza makina, Limbe:
Ayi mayi, sindinatero. Alipo opangidwira makina a sitichi yowongoka, kungoti kuwapeza n'kovuta, ndipo wogulitsa pa intaneti amangolemba kuti amalowa pa makina onse. Enanso a zigizagi omwewo amagwirako ndithu pa makina ena akale. Ichi n'chinthu chogula utachiyesa pa makina ako, osati chotuma munthu.

Nabanda wa ku Machinjiri:
Funso langa likhale pomwepo. Low shank ndi high shank munthu amadziwa bwanji? Ine ndili ndi Brother yamagetsi, walking foot yake inabwera ndi makina, koma mnzanga akufuna kuitanitsa ku Johannesburg kudzera kwa mlongo wake.

aMbewe okonza makina, Limbe:
Atsitse kaphazi, ayeze kuchokera pa mbale ya singano kufika pakati pa sikuluwu yomangira kaphaziko. Pakakhala pafupifupi theka la inchi, ndi low shank. Pakafika inchi imodzi kapena kuposa, ndi high shank. Pali Singer zina, monga 301, 401 ndi 500, zimene ndodo yake ndi yopendekeka, zimenezo zili ndi mapazi akeake. Bernina nayo ili ndi kamangidwe kakekake. Pfaff zina zili ndi chokokera cha pamwamba chomangidwira pa makina pomwepo, amachitcha IDT, ndipo mwini wake safunikanso kugula kanthu. Mnzanuyo atumize chithunzi cha makina ndi nambala yake kwa wogulayo, asangonena kuti Singer basi. Singer zilipo zambirimbiri. Zakale zimene timaziona kuno zolembedwa 15K, K ameneyo akuimira Kilbowie, fakitale ya ku Clydebank ku Scotland imene inatsekedwa mu 1980. Makina a zaka zimenezo ndi Singer ya pulasitiki ya lero zimangofanana dzina.

Agogo Nangozo, Soche:
Ana anga, akundilembera ndi mdzukulu, ine maso pa foni sakuona bwino. Ndamva zonse. Za zitsulozo akudziwa ndi abambowo. Ine ndinene za pansi. Chofunda chimakwinyika kapena kusalala chisanafike pa makina. Ku Mvano tinkasoka zofunda za zigamba ndi amayi anzathu, ena pa makina a pamanja, ndipo ntchito yaikulu inali yoyala. Sesa pa simenti, kolopa, paume. Yala nsalu ya kunsi chafufumimba, uiwongole, uigwire m'mbali ndi selotepi kapena uitsendereze ndi zinthu zolemera. Iwongoke koma usaikoke mpaka kulimba, chifukwa ukadzaimasula idzabwerera n'kukwinyitsa ya pamwamba. Kenako yala zofewa, kenako ya zigamba, ukusalaza ndi chikhatho kuchokera pakati kupita m'mbali. Ya kunsi ndi zofewa zikhale zazikulupo kuposa ya pamwamba mbali zonse, zotsalazo udzadula pomaliza.

Ukatero tenga singano ya pamanja ndi ulusi woyera, usokerere masitichi ataliatali kuyambira pakati, mizere yotalikirana chikhatho chimodzi, choimirira ndi chopingasa. Msana umapweteka, ndikudziwa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsalu zikagwirana choncho zilibe kopita, ngakhale kaphazi kakankhe. Ulusi woyera ndanena dala: wofiira kapena wakuda umatha kusiya mtundu pa nsalu.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri agogo. Mapini sangagwire ntchito m'malo mwa ulusi?

Mayi a Tadala:
Mapini otseka aja, amatewera, amagwira bwino, ine ndimagwiritsa omwewo. Uike motalikirana masentimita 10, ndiye kuti ukaika chibakera paliponse chizikhudza pini. Adzafunika ambiri, kuposa mmene ukuganizira. Mapini wamba a mitu ayi, adzakubaya pokulunga chofunda ndipo amagwa. Uzichotsa pini kaphazi kasanafikepo, ndipo usasiye mapini mu nsalu kwa miyezi, amachita dzimbiri, makamaka kukakhala chiperoni. Kunja kuli guluu wopopera wogwiriziza nsalu, koma mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa kaphazi kamene tikukambaka.

Komabe agogo, ndi ulemu wonse, ine ndimayala bwino chomwecho koma walking foot imandipepukitsira ntchito. Chimene ndikuopa n'chakuti mwanayu akasoka chofunda choyamba n'kutuluka makwinya adzagwa mphwayi, osadzasokanso. Ndawaona ambiri otere. Chida chimene chimachotsa vuto limodzi kwa wophunzira sichoipa.

aPhiri Telala, Ndirande:
Sichoipa mayi, n'chabwino ndithu. Chimene ndikukana n'chakuti munthu aimitse ntchito kudikira chitsulo chochokera kunja pamene makina ali m'nyumba, nsalu ili pa tebulo, mwana watsala pang'ono kubadwa. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse choitanitsa kunja chimafika ndi mtengo wina. Ndalama imeneyo kwa woyamba ndi bwino apite nayo ku ulusi wabwino, singano ndi mapini. Ulusi wotchipa wothothoka ubweya umawononga chofunda kuposa kusowa kwa walking foot.

Chinanso, amene waphunzira kumva nsalu m'manja mwake, kudziwa kuti apa yayamba kutsalira, ndikweze kaphazi singano ili pansi ndisalaze, ameneyo akadzagula walking foot adzaigwiritsa bwino. Amene wayambira pa chitsulo amaganiza kuti chichita chokha, n'kumathamangitsa makina.

Achimwene a masofa, Bangwe:
Ndalowa mochedwa. Ife pa masofa ndi mipando ya galimoto popanda walking foot sitigwira ntchito. Leza ndi siponji sizingayende pa makina wamba. Ndiye ine ndikuti ngofunika.

aMbewe okonza makina, Limbe:
Achimwene, anuwo ndi makina athunthu, osati kaphazi komangirira. Pa makina a masofa phazi la pamwamba limayendetsedwa ndi makinawo, limakoka ndi mphamvu yake, ena mpaka singano yomwe imayenda pamodzi ndi nsalu. Dzina n'limodzi koma zinthu n'zosiyana. Ndinene pomwepa kwa amene muli ndi Juki ya mafakitale ya sitichi yowongoka, monga DDL-8700 imene yadzaza m'mashopu a matelala: walking foot ya makina a m'nyumba musaimangirire pamenepo. Siinapangidwire makina amenewo, ndipo liwiro lake ingasweke kapena kuthyola singano. Pa Juki masulani kasikuluwu ka pamwamba monga anenera aPhiri, ikani kaphazi koterera ka teflon, pondani pang'onopang'ono.

Achimwene a masofa, Bangwe:
Ndamva madala. Ndimayesa mukukamba za makina ngati angawa.

Nabanda wa ku Machinjiri:
Ine ndiike maganizo anga monga wochita bizinesi. Ndimasoka zikwama za zitenje zokhala ndi siponji yopyapyala, zoikamo laputopu, ndi zoyala pa tebulo, ndimagulitsa kwa alendo ndi m'maofesi. Pa ntchito yotere walking foot imandipulumutsira nthawi, chifukwa sindingakhale pansi kusokerera ndi manja chikwama chilichonse. Ndimangogwiriziza ndi mapini ochepa n'kusoka. Ilinso ndi kandodo kolowetsa kumbuyo kamene kamatsata mzere womwe wasoka kale, ndiye mizere imatalikirana mofanana popanda kujambula ndi choko. Koma chofunda chimodzi cha mwana, chaching'ono, pa makina opalasa amene amayenda pa liwiro limene mwendo wako wafuna? Asisi, sokani. Makina opalasa pa ntchito imeneyi ali ndi ubwino wake, mumatha kuyenda sitichi imodziimodzi, ndipo magetsi akazima inu ntchito ikupitirira.

Funso limene palibe wafunsa: pakati mukuika chiyani?

Nachisale wa ku Chilomoni:
Ndinagula duveti ya pa kaunjika ku msika wa Limbe, ndimati ndichotse fayiba wa m'katimo. Ngwokhuthala bwino, ndimafuna mwana azimva kutentha.

Nabanda wa ku Machinjiri:
Apo ndiye pali vuto lenileni, osati pa kaphazi. Fayiba wokhuthala wa m'duveti amaterera ndipo amafufuma, nsalu ya pamwamba imayandama. Ameneyo ngakhale ine ndi walking foot amandivutitsa. Woyamba kumene ayambe ndi chopyapyala. Pa kaunjika pomwepo funani shiti ya flannel, ija yaubweya pang'ono, kapena kabulangete ka thonje kopepuka. Flannel imagwirana ndi chitenje yokha, siiterera, ndipo makina amaiona ngati nsalu wamba. Fleece ndiyofunda koma imatamuka, ndiye imafuna mapini ochuluka. Duvetiyo sungani, mudzapangira mapilo.

Agogo Nangozo, Soche:
Ngati wakonda fayiba wokhuthalayo, usamusoke pa makina. Manga mfundo. Tenga ulusi wokhuthala wolukira, ubaye kuchokera pamwamba kutulukira kunsi n'kubwereranso, umange mfundo yolimba pa ngodya iliyonse ya chigamba. Zofunda zambiri zakale za mabulangete m'kati zinali zomanga choncho ndipo zinkakhalitsa. Pa makina umangosoka m'mbali.

Anamwino a ku Zingwangwa:
Ndilowererepo pang'ono pa mbali ya mwanayo. Wakhanda safunika chofunda cholemera kapena chofufuma pogona, chikhoza kumuphimba kumaso iye osatha kuchichotsa. Chopyapyala chimene akunena a Nabanda ndi chabwino, ndipo miyezi yoyambirira chizigwira ntchito yoyala pansi pomugoneka masana akuluakulu ali pomwepo, kapena pomufunditsa ali m'manja. Mfundo za ulusi agogo, kwa mwana amene wayamba kutola zinthu n'kuika m'kamwa, zimafuna kuziyang'ana kawirikawiri. Mukamaliza kusoka papasani chofunda chonse ndi manja kuti pasatsale pini ngakhale imodzi.

Agogo Nangozo, Soche:
Mwanena zoona anamwino. Za mfundozo zikhale za akuluakulu.

aPhiri Telala, Ndirande:
Achemwali, zitenjezo munachapa musanadule?

Nachisale wa ku Chilomoni:
Eya bambo, ndinachapa chilichonse pachokha mpaka madzi atayera, n'kusita. Zina ndi za kwa David Whitehead konkuno, zina zochokera ku Tanzania, zina ndi zotsala kwa telala wa kwathu.

aPhiri Telala, Ndirande:
Mwachita bwino. Flannel nayonso muichape kaye ndi madzi otentha, imafupika kwambiri ikachapidwa koyamba. Mwa zotsala za kwa telalazo, ngati muli za poliyesitala zoterera, pamenepo muonjezere mapini.

Tsopano za kusoka kwenikweniko. Kulemera kwa chofunda kusalendewere. Ichi ambiri amachiphonya, n'kumanamizira kaphazi. Tebulo la Butterfly ndi laling'ono, chofunda chikagwera pansi kumanzere kapena kumbuyo chimakoka nsalu pa singano, masitichi amafupika, msoko umakhota. Kokerani tebulo lodyera kumbuyo kwa makina, kumanzere ikani mpando kapena tebulo lina, mbali yotsalayo ikhale pamiyendo kapena paphewa panu. Mbali imene ikulowa m'kati mwa mkono wa makina muikulunge. Yambani ndi mzere wa pakati, muzipita kumanja, kuti chokulungacho chizichepa. Mukamaliza theka limenelo tembenuzani, yambiraninso pakati. Manja onse awiri akhale chafufumimba mbali ziwiri za singano, akusalaza nsalu, osakoka kumbuyo ndiponso osakankha.

Mayi a Tadala:
Apa ndili ndi funso kwa inu aPhiri. Ine ndinaphunzira kuti mizere uzisinthanitsa, wina kutsika, wotsatira kukwera, kuti chofunda chisapendekere mbali imodzi. Inu mukuti bwanji?

aPhiri Telala, Ndirande:
Kusinthanitsako n'kwabwino polumikiza timizere ta nsalu tataliatali, kuti tisapindike. Koma pa nsalu zitatu, makamaka popanda walking foot, ine ndimasoka mizere yoyandikana kulowera kumodzi. Mzere uwu ukakankhira nsalu ya pamwamba kumunsi, woyandikana nawo n'kuikankhira kumtunda, pakati pawo pamatuluka timakwinya topendekeka tosatheka kusita. Ikalowera kumodzi, nsalu yotsalirayo imakathera kumapeto, kumene mudzadula.

Mayi a Tadala:
Pa ine timakwinya timeneto sitituluka, mwina chifukwa cha kaphazi komweko. Ndiye mwandipatsa mfundo ina yoti n'kofunika.

aMbewe okonza makina, Limbe:
N'kothandiza mayi, palibe akukana. Koma nako kali ndi malire ake, ndipo ogula azidziwa. Sikakonda kubwerera m'mbuyo, chifukwa mano a pamwamba anapangidwa kuti aziyenda njira imodzi. Pomanga msoko ndi bwino kuyamba ndi timasitichi tating'onoting'ono kenako n'kutalikitsa, kapena kukokera ulusi wa pansi pamwamba n'kumanga mfundo. Sikafuna liwiro. N'kakakulu, kamatchinga maso, ndiye pokhota pafupipafupi kamavuta. Maluwa ozungulirazungulira amene mumaona m'mavidiyo sasokedwa ndi walking foot ayi, amenewo amatsitsa mano a pansi kapena kuwaphimba, n'kuika kaphazi kodumphadumpha kophatikira zigamba, nsalu n'kumaiyendetsa ndi manja. Imeneyo ndi sukulu ina. Ndipo pomangirira, kamkono kaja kakapanda kukwera pa sikuluwu ya singano, kaphaziko sikayenda n'komwe. Ambiri obwera kudzadandaula kuti anagula kakufa, vuto limakhala limeneli.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Ndabweranso akuluakulu. Flannel ndinaipeza, ndachapa. Ndayesa pa zidutswa monga munanenera bambo Phiri. Nditamasula kasikuluwu ndi kutalikitsa sitichi, nsalu zitatu zikufika kumapeto pamodzi, kusiyana kwake n'kosaoneka. Mizere yoimirira ikutuluka bwino kwambiri. Koma nditayesa kudutsa mizere yopingasa kuti papangike timabokosi, pa mphambano zina pakutuluka kakhwinya kakang'ono. Nditani?

Nabanda wa ku Machinjiri:
Timabokosi ndi pamene walking foot imaonetsa ntchito yake, ndiye pa chofunda choyamba tisiyeni. Sokani mizere yolowera kumodzi yokha, yotalikirana masentimita 4 kapena 5. Pa zitenje, zimene zili kale ndi maluwa ambiri, mizere yotere imaoneka bwino kuposa timabokosi. Kuti iwongoke matani selotepi ya pepala pa nsalu, muzisoka m'mphepete mwake, kenako n'kuisuntha. Kapena dala musoke mizere yokhotakhota pang'ono, pamenepo palibe angaloze kuti apa dzanja linagwedera. Chimene sindikulangizani ndi kusoka m'kati mwenimweni mwa msoko wolumikiza zigamba. Amati n'kosavuta koma singano ikangotuluka pang'ono zimaonekera. Bola kusoka pambali pake, motalikira ndi m'lifupi mwa kaphazi.

aPhiri Telala, Ndirande:
Ngati mtima uli pa timabokosi, zimatheka. Mukatsala pang'ono kufika pa mphambano imani singano ili pansi, kwezani kaphazi, nsalu yaunjikana kutsogoloyo ibwerere pansi pake, tsitsani, pitirizani. Zala zanu zitambasule nsalu cham'mbali pang'ono podutsapo. Zimachedwetsa, koma chofunda cha mwana n'chaching'ono.

Mayi a Tadala:
Mwanawe, wachita bwino kuyesa. Ine Loweruka ndikubwera ku Chilomoni ku chinkhoswe, nditenga walking foot yangayi m'chikwama. Ndi ya low shank. Tikaiyese pa Butterfly yakoyo, tione ndi maso ngati mano akugwirizana. Ikagwira ubwereke usokere mpendero, udzabweza. Ndilembere ku inbox.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri amayi, Mulungu akudalitseni. Ndakulemberani.

aMbewe okonza makina, Limbe:
Poyesapo musayambe ndi kupalasa. Chotsani lamba ndi ulusi, mangani kaphazi, kamkono kakwere pa sikuluwu ya singano, kenako zungulitsani gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono. Onani zinthu zitatu: singano ikudutsa pakati pa bowo osakhudza chitsulo, kamkono sikakugunda mutu wa makina singano ikakwera, ndipo mano a pamwamba akutera pa mano a pansi mbali zonse ziwiri. Zikatero ikani chidutswa cha nsalu zitatu chojambulidwa mzere, musoke osachigwira. Chikayenda chowongoka chokha, ndiye kuti zagwirizana. Chikamapotokera mbali imodzi, chotsani. Mutijambulire chithunzi cha pansi pa kaphazi mutumize pano, ambiri pagulu lino ali ndi Butterfly ndipo afuna kudziwa.

Achimwene a masofa, Bangwe:
Mayi anga ali nayo Butterfly yomweyo, nanenso ndikudikira chithunzicho.

aPhiri Telala, Ndirande:
Ikakana musadandaule za mpendero. Dulani nsalu yopendera ya masentimita 6 m'lifupi, ipindeni pakati, sitani. Musanaiike, dulani m'mbali mwa chofunda kuti muwongoke, musoke mzere umodzi kuzungulira chofunda chonse pafupi ndi m'mphepete kuti nsalu zitatu zija zikhale chimodzi. Kenako sokani mpendero kumaso kwa chofunda pa makina, osaukoka, mukuugwiriziza ndi mapini pafupipafupi. Kunsi pindirani n'kumaliza ndi singano ya pamanja, timasitichi tobisika. Ndipo mukamaliza mutsegule mbale ya singano muchotse ubweya pakati pa mano ndi m'malo a bobini, flannel imasiya wambiri, kenako dontho la mafuta.